Mutu 6: Kupeza Wochiza Mabala a M'maganizo ku Dubai

Sitima ya Metro ya mzere wobiriwira ikanyamuka ku Deira, komwe amalonda a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka amaoda mafoni, nsapato ndi mafuta onunkhira, imalowa pansi pa madzi a Dubai Creek n'kukatulukira tsidya lina la mzinda. Patsogolo pang'ono pali siteshoni ya Oud Metha. Wotsikira pamenepo wafika pafupi ndi chipatala cha boma cha Rashid, chimene chinatsegulidwa mu 1973 ndipo chili ndi nthambi ya matenda a maganizo. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha St Mary's cha Katolika ndi china cha Holy Trinity, kumene anthu a mitundu yosiyanasiyana amadzaza pa masiku a mapemphero. Siteshoni yotsatira ndi Dubai Healthcare City, dera la zipatala zolipira lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, ndipo mumagwira ntchito madokotala ndi alangizi ochokera kumaiko ambiri.

Pakati pa masiteshoni awiri okha pali dokotala wa boma, katswiri wolipira komanso wansembe. Koma m'sitima yomweyo mumakwera anthu amene atha miyezi osaona tulo, amene mtima umawagunda akangomva chitseko chikumenyetsedwa, ndipo amangodutsa osadziwa kuti vuto lawolo madokotala amalidziwa ndipo limachizika.

Mzinda wa Dubai uli ndi anthu oposa 3.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi obwera. Amalawi ndi anzawo a ku Zambia alimo m'gulu limeneli: alonda, operekera zakudya m'mahotela, antchito a m'nyumba, madalaivala, ophunzira ndi ochita malonda. Ambiri zimawayendera bwino, amatumiza ndalama kumudzi, amamanga nyumba za malata ndi kulipirira ana sukulu. Ena amasenza katundu wosaoneka ndi maso, ndipo kwa iwowa funso lalikulu ndi lakuti agogode pakhomo liti.

Kumene mabala amachokera

Mu Malichi 2024, BBC Africa Eye inaonetsa kanema wa amayi a ku Malawi amene anatsekeredwa m'nyumba za mabwana ku Oman, dziko loyandikana ndi United Arab Emirates (UAE), kumene kuli Dubai. Ena mwa iwo analonjezedwa ntchito ku Dubai, koma ndege inakawatula ku Muscat. Anafotokoza za kulandidwa pasipoti, kugwira ntchito usana ndi usiku, kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Anapezana pa gulu la WhatsApp limene linayambitsidwa ndi mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la Do Bold anayamba kumasulidwa mmodzimmodzi. Boma la Malawi linati linagwiritsa ntchito madola oposa 160,000 kubweza kwawo amayi 54.

Nkhanza zotere zinalembedwaponso mu UAE momwemo. Mu lipoti lake la 2014, bungwe la Human Rights Watch linati linacheza ndi amayi 99 ogwira ntchito za m'nyumba m'dzikolo, ndipo ambiri anadandaula za malipiro osaperekedwa, kusowa tsiku lopuma ndi kutsekeredwa. Malamulo asintha kuchokera nthawi imeneyo, koma zimene zimachitika kuseri kwa mpanda wa nyumba ya munthu sizisintha tsiku limene lamulo lasainidwa.

Mabala ena munthu amachita kubwera nawo. Mnyamata amene anapulumuka ngozi ya minibasi pamsewu wa M1 akhoza kukhala zaka osaiganizira, kenako n'kuyamba kuilota ali m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu ku Al Quoz. Mtsikana amene anachitidwa zachipongwe ali mwana akhoza kupeza kuti mawu aukali a bwana amudzutsira zonse. Pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 ndi kupha anthu mazanamazana, panali Amalawi akunja amene anamva za imfa za abale awo pafoni, osapeza tchuthi kapena tikiti yoti akakhale nawo pamaliro. Kwa munthu wa kwathu, kusataya dothi m'manda a mayi wake ndi chinthu chimene chimatsalira mumtima zaka zambiri.

Zimene zimachitika m'thupi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amakumana ndi chinthu choopsa kwambiri nthawi ina m'moyo wawo. Ambiri amavutika kwa masiku kapena masabata, kenako amakhazikika mothandizidwa ndi abale ndi anzawo. Koma pafupifupi anthu 4 mwa 100 alionse padziko lapansi adwalapo matenda amene madokotala amawatcha PTSD, amene analowa m'mabuku a zachipatala mu 1980 pambuyo poti akatswiri aona zimene zinkachitikira asilikali obwerera ku nkhondo ya ku Vietnam komanso amayi ogwiriridwa.

Zizindikiro zake zimayenda m'magulu. Choyamba, chinthu chija chimabwerera chokha: m'maloto, kapena masana munthu ali maso, n'kumaona ngati chikuchitika pompano. Chachiwiri, munthu amayamba kupewa chilichonse chomukumbutsa, kaya ndi msewu, fungo, nyimbo kapena nkhani. Chachitatu, thupi limakhala tcheru nthawi zonse: kudzidzimuka, kupsa mtima msanga, kusowa tulo, kulephera kuika maganizo pa ntchito. Ubongo umachita ngati galu wa pakhomo pamene panabwerapo akuba, amene tsopano amauwa ngakhale tsamba likagwa. Zimenezi zikapitirira mwezi umodzi ndi kuyamba kusokoneza ntchito kapena ubale ndi anthu, nthawi yoonana ndi katswiri yakwana.

Amene anazunzidwa kwa nthawi yaitali popanda kothawira, monga wantchito wotsekeredwa kapena mkazi wa m'banja lankhanza, amakhalanso ndi mavuto ena: kudziona wachabechabe, manyazi osatha, kulephera kukhulupirira munthu aliyense. Buku la WHO la mndandanda wa matenda, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limawerenga vuto limeneli palokha pansi pa dzina la complex PTSD.

Amalawi ambiri safika kuchipatala n'kunena za mantha kapena chisoni. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'mimba mukutentha, thupi lonse laphwanya. Dokotala wotanganidwa akhoza kuwapatsa panado n'kuwabweza ku ntchito. N'chifukwa chake wodwala amachita bwino kuwonjezera mawu ochepa okha: kuti zizindikirozi zinayamba pambuyo pa chinthu china choopsa, ndi kuti usiku sagona. Sakakamizidwa kufotokoza zonse tsiku lomwelo.

Chitetezo choyamba

Judith Herman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harvard, analemba mu 1992 kuti kuchira kumayenda m'masitepe atatu: kukhala pamalo otetezeka, kukumbukira ndi kulira zimene zinachitika, kenako kubwerera pakati pa anthu. Dongosolo limeneli ndi lofunika kwambiri ku Dubai. Mayi amene akugonabe m'nyumba ya womuzunza sangachire ndi uphungu wa ola limodzi pasabata. Chimene akusowa choyamba ndi njira yotulukira.

Njirazo zilipo. Bungwe la Dubai Foundation for Women and Children, lokhazikitsidwa mu 2007, limasunga amayi ndi ana othawa nkhanza za m'banja komanso ogulitsidwa ngati katundu, posayang'ana dziko limene achokera. Lili ndi malo ogona, alangizi ndi othandiza pa milandu, ndipo nambala yake yaulere ndi 800111, usana ndi usiku. Palinso nambala ya 800 SAVE yolandira nkhani za kuzembetsa anthu ndi nkhanza. Apolisi amapezeka pa 999, ambulansi pa 998. Madandaulo a ntchito, monga malipiro osaperekedwa, amapita ku unduna wa zantchito wa MOHRE.

Lamulo la antchito a m'nyumba, Federal Decree-Law No. 9 of 2022, limapereka tsiku limodzi lopuma pasabata, maola 12 opuma patsiku, chithandizo cha kuchipatala, ndi ufulu wosunga wekha mapepala ako. Bwana wosunga pasipoti ya wantchito mokakamiza akuphwanya lamulo. Kudziwa zimenezi kumathandiza maganizo mwachindunji, chifukwa chimene chimafooketsa kwambiri munthu wozunzidwa ndi kukhulupirira kuti palibe amene angamumvere.

Ndani amachita chiyani

Munthu akatetezeka, amakumana ndi maina ambiri a akatswiri, ndipo kusawasiyanitsa kumatayitsa ndalama. Psychiatrist ndi dokotala amene anaphunzira zachipatala zonse kenako n'kuzama pa matenda a maganizo. Iyeyu ndiye amalemba mankhwala ndi kugoneka wodwala m'chipatala. Psychologist anaphunzira za maganizo ndi khalidwe la munthu mpaka digiri yachiwiri kapena yachitatu. Amachiza pokambirana ndipo salemba mankhwala. Mlangizi, amene ambiri amati khansala, amathandiza pa mavuto a m'banja, imfa ndi nkhawa za tsiku ndi tsiku. Palinso anthu ambiri odzitcha life coach kapena healer pa Instagram ndi TikTok. Ena ndi a mtima wabwino, koma alibe chilolezo chochiza matenda, ndipo munthu wa bala lalikulu akhoza kutuluka m'manja mwawo atavulala koposa.

Ubwino wa Dubai ndi wakuti chilolezo chimafufuzika. Bungwe la Dubai Health Authority, mwachidule DHA, limapereka ziphaso kwa madokotala ndi ma psychologist a m'zipatala, ndipo kaundula wake ali pa intaneti: munthu amangolemba dzina la katswiri n'kuona ngati alimo. Bungwe la Community Development Authority, kapena CDA, limapereka ziphaso kwa alangizi ndi ogwira ntchito zothandiza anthu. Katswiri weniweni sakhumudwa akafunsidwa za chiphaso chake.

Makomo ndi mitengo yake

Khomo la boma lili ndi mbali zingapo. Chipatala cha Rashid chimalandira odwala mwadzidzidzi, kuphatikizapo amene akuganiza zodzipha. Chipatala cha Al Amal ku Al Aweer, chimene chili pansi pa Emirates Health Services, ndi chachikulu cha matenda a maganizo ndi uchidakwa wa mowa kapena mankhwala. Chimagoneka odwala ndiponso chimaona obwera ndi kubwerera tsiku lomwelo. Ana ndi achinyamata amaonedwa ku Al Jalila Children's, chimene chinatsegulidwa mu 2016. Mlendo salandira chithandizo cha boma mwaulere monga ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth Central. Amalipira yekha kapena kudzera mu inshulansi.

Khomo la zipatala zolipira ndi lotambalala kwa amene ali ndi ndalama. The LightHouse Arabia, imene inayambitsidwa mu 2011 ndi Dr Saliha Afridi ndi Dr Tara Wyne, German Neuroscience Center, Thrive Wellbeing Centre ndi American Center for Psychiatry and Neurology ndi ena mwa malo odziwika. Kuonana kamodzi ndi katswiri m'malo otere kumadya kawirikawiri ma dirham pakati pa 500 ndi 1,000. Popeza dola imodzi ndi ma dirham 3.67, ndiye kuti ola limodzi likhoza kuposa madola 130. Mlonda wolandira ma dirham osakwana 2,000 pamwezi, amene theka lake limapita kumudzi, sangakwanitse ulendo wotere sabata iliyonse. Apa ndi pamene pali mpata waukulu pakati pa Dubai wa anthu a m'maofesi ndi Dubai wa anthu a m'makampu a ku Sonapur ndi Jebel Ali.

Komabe pali njira zochepetsera mtolo. Lamulo la Dubai la 2013 limakakamiza olemba ntchito kugulira wantchito aliyense inshulansi ya zaumoyo. Olandira ma dirham 4,000 kapena kucheperapo amakhala pa ndondomeko yotchedwa Essential Benefits Plan, imene imafuna kuti wodwala ayambe waonana ndi dokotala wamba wa kukiliniki, iye ndiye amutumize kwa katswiri. Gawo la matenda a maganizo pa inshulansi zotsika mtengo limakhala lochepa, ndipo makampani amasiyana, choncho kuimba nambala imene ili kuseri kwa khadi ndi kufunsa kuti amalipira maulendo angati, kuti, ndiponso wodwala aonjezerapo zingati, kumapewetsa ngongole. Makampani ena akuluakulu, makamaka mahotela, masukulu ndi a ndege, ali ndi dongosolo la uphungu waulere ndi wachinsinsi kwa antchito awo, ndipo antchito ambiri sadziwa kuti lilipo.

Zaulere zinanso zilipo. Nambala ya 800 HOPE, kapena kuti 8004673, inakhazikitsidwa mu 2020 nthawi ya Covid-19 kuti anthu azilankhula ndi alangizi m'Chingerezi ndi m'Chiarabu. Raymee Grief Center ya ku LightHouse imathandiza anamfedwa popanda malipiro, ndipo magulu otere amakumanitsa anthu amene anataya okondedwa awo ali kutali ndi kwawo. Boma la Dubai nalo laika ndalama pa nkhaniyi: mu 2024 Sheikh Hamdan bin Mohammed analengeza ndondomeko ya Mental Wealth ya ma dirham 105 miliyoni.

Kusankha munthu woyenera

Si mlangizi aliyense amene anaphunzira kuchiza mabala a zoopsa. Njira zimene kafukufuku wasonyeza kuti zimagwira ntchito zimadziwika ndi maina ake, ndipo wodwala akawadziwa amasankha bwino. Yoyamba ndi trauma-focused CBT, imene imathandiza munthu kuyang'anizana pang'onopang'ono ndi zimene amazithawa ndi kukonza maganizo opweteka monga akuti "ndinazifuna ndekha" kapena "ndine wodetsedwa". M'gulu lomweli muli prolonged exposure ya Edna Foa ndi cognitive processing therapy ya Patricia Resick, imene inayamba pothandiza amayi ogwiriridwa. Yachiwiri ndi EMDR, imene Francine Shapiro anaiyamba mu 1987: wodwala amakumbukira chochitika chija uku maso ake akutsatira chala cha katswiri uku ndi uku, mpaka chikumbutsocho chitachepa ululu. WHO inavomereza njira ziwirizi mu 2013.

Palinso njira imene inakulira mu Africa muno. Narrative exposure therapy inayesedwa pakati pa othawa nkhondo a ku Sudan pa kampu ya Imvepi ku Uganda, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2004. Wodwala amafotokoza mbiri ya moyo wake kuyambira ubwana, zabwino ndi zowawa zomwe, ndipo mlangizi amailemba mwandondomeko. Imathandiza kwambiri anthu amene anakumana ndi zoopsa zambiri motsatizana.

Chithandizo chotere sichitenga moyo wonse. Kwa munthu wa chochitika chimodzi, maulendo 8 mpaka 12 nthawi zambiri amakwanira. Wa nkhanza za zaka zambiri amafunika nthawi yotalikirapo. Masabata oyamba ululu ukhoza kukwera usanatsike, ndipo katswiri wabwino amachenjeza zimenezi pachiyambi.

Mankhwala ali ndi malo ake. Sertraline, fluoxetine ndi ena a mtundu umenewo amachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, koma amayamba kugwira patapita masabata angapo ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam WHO salimbikitsa kwa munthu amene wangokumana ndi zoopsa, chifukwa sachiza bala ndipo thupi limawazolowera. Ku UAE mankhwala amenewa, pamodzi ndi tramadol ndi codeine, amayang'aniridwa kwambiri: kulowa nawo m'dziko kumafuna kalata ya dokotala ndi chilolezo cha boma, ndipo kutumizirana kudzera mwa mnzako amene akuchokera kumudzi kungagwetse onse awiri m'ndende.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pa ulendo woyamba, kapena pafoni asanalipire, wodwala ali ndi ufulu wofunsa: "Kodi munathandizapo anthu amene anakumana ndi zonga zanga? Mumagwiritsa ntchito njira iti? Zidzatenga maulendo angati? Kodi pali mtengo wotsikirapo kwa olandira zochepa? Zimene ndikuuzeni zikafika kwa ndani?" Mayi amene anachitidwa chipongwe ndi mwamuna akhoza kupempha katswiri wamkazi, ndipo pempho limeneli ndi lachizolowezi ku Dubai. Ngati pambuyo pa maulendo atatu kapena anayi wodwala akuona kuti samvedwa, kapena akukakamizidwa kuulula zonse asanakonzeke, kusintha katswiri si mwano. Kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti kukhulupirirana pakati pa wodwala ndi womuthandiza ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimabweretsa machiritso.

Mantha a ntchito ndi a lamulo

Chimene chimatsekereza obwera ambiri ndi mantha akuti bwana akamva, ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha, visa nayo yatha. Lamulo latsopano la matenda a maganizo, Federal Law No. 10 of 2023, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Meyi 2024 m'malo mwa lakale la 1981, limayankha mantha amenewa. Limateteza chinsinsi cha wodwala, limamupatsa ufulu wodziwa matenda ake ndi chithandizo chimene akulandira, ndipo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha matenda a maganizo popanda lipoti la komiti ya madokotala.

Chinsinsi chili ndi malire ake, monga kulikonse. Katswiri amachitapo kanthu ngati moyo wa wodwala kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo lamulo la ana la 2016, lodziwika kuti Wadeema's Law, limamukakamiza kunena ngati mwana akuzunzidwa. Amene akulipira kudzera mu inshulansi adziwenso kuti dzina la matenda limapita ku kampani ya inshulansiyo.

Pa nkhani ya kudzipha, boma la UAE linalengeza mu Novembala 2020 kusintha kumene kumalola kuti munthu woyesa kudzipha atumizidwe ku chithandizo m'malo mopatsidwa chilango. Mnzake wa m'chipinda akamva munthu akunena kuti watopa ndi moyo, kapena akumuona akugawa katundu wake, asamusiye yekha. Apite naye kuchipatala cha Rashid kapena aimbe 998. Kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo nthawi zambiri kumamupatsa mpata woyamba wolankhula.

Chinenero, mpingo ndi abale

Akatswiri a ku Dubai amalankhula Chingerezi, Chiarabu, Chihindi, Chiurdu, Chifalansa ndi zinenero zina. Mmalawi wodziwa Chingerezi cha ku ntchito akhoza kupeza kuti pofotokoza za usiku umene anaukiridwa, mawu amabwera m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Ena amalemba kaye nkhani yawo m'chinenero chawo asanapite, n'kukaimasulira pang'onopang'ono ali ndi katswiri. Kutenga mnzako ngati womasulira kumafuna kusamala, chifukwa Amalawi a mumzinda umodzi wakunja amadziwana, ndipo nkhani imayenda msanga mpaka kumudzi.

Njira ina ndi kulankhula ndi mlangizi wa ku Malawi kudzera pa intaneti. Dubai ili patsogolo ndi maola awiri, choncho wotsika ntchito usiku amapeza kwathu kusanade kwambiri. Kuimba kwa mawu ndi kanema pa WhatsApp kumatsekedwa mu UAE, koma Zoom, Microsoft Teams ndi Botim zimagwira ntchito. Mtengo wolipira m'makwacha umakhalanso wopepukirapo kwa wolandira ma dirham. Chofunika ndi kutsimikiza za maphunziro a mlangiziyo, ndi kukumbukira kuti munthu amene ali ku Lilongwe sangathamangire ku Al Quoz pakagwa zadzidzidzi; nambala za ku Dubai zizikhalabe mufoni.

Mpingo ndi mzikiti zili ndi gawo lalikulu. Kwa obwera ambiri, tsiku la mapemphero ndi lokhalo limene amamva dzina lawo likutchulidwa mwaulemu, kudya nsima ndi anzawo ndi kuseka. Sitepe lachitatu la Herman, kubwerera pakati pa anthu, limachitikira m'malo oterewa. Vuto limabwera pamene wodwala auzidwa kuti maloto oopsa ndi ziwanda zokha, kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti asiye mankhwala. Abusa ndi mashehe ozindikira amapemphera ndi munthu kenako n'kumuperekeza kwa dokotala. Amuna amafunika chilimbikitso chapadera, popeza anakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo ambiri amabisa ululu m'mowa kapena m'maola owonjezera a ntchito.

Kuti anthu wamba angathandize ndithu zinaoneka ku Zimbabwe. Dr Dixon Chibanda anayamba Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare, kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza anthu kuthetsa mavuto atakhala pabenchi kunja kwa kiliniki, ndipo kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti odwala nkhawa ndi kukhumudwa anapeza bwino kwambiri. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi. Mnzako wa m'chipinda sangalowe m'malo mwa katswiri wa PTSD, koma akhoza kumvetsera osaweruza, kusinthana naye shifiti kuti apite kuchipatala, ndi kumuperekeza pa Metro tsiku loyamba.

Pobwerera kumudzi

Mgwirizano wa ntchito umatha, ndipo ena amasankha kubwerera chithandizo chili pakati. Ku Malawi akatswiri ndi ochepa, koma malo alipo. Zomba Mental Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. St John of God ili ndi malo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo sukulu yake ya ukachenjede ya ku Mzuzu imaphunzitsa alangizi ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Queen Elizabeth Central ku Blantyre ili ndi kiliniki ya matenda amenewa, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena ma clinical officer ophunzira ntchitoyi. Kwa ozunzidwa kuli malo a Chikwanekwane, m'mene achipatala, apolisi ndi azachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limalola wozembetsedwa kukasuma amene anamunyenga ndi lonjezo la ntchito. Ku Zambia, chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka ndicho chachikulu pa matenda amenewa.

Wobwerera amakumana ndi mtolo wina: abale amene ankayembekezera galimoto ndi nyumba, ngongole ya tikiti imene sinabwezedwe, ndi mafunso a anthu a pamudzi. Alangizi a ku Dubai angathandize kukonzekera zimenezi m'maulendo otsiriza, kusankha woti auzidwe zonse ndi woti auzidwe zochepa. Asananyamuke, wodwala apemphe kalata ya m'Chingerezi yofotokoza matenda, njira imene inagwiritsidwa ntchito, maina a mankhwala ndi mlingo wake, komanso mankhwala okwanira masabata angapo. Izi n'zofunika chifukwa m'zipatala za boma ku Malawi mankhwala opezeka kawirikawiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine, ndipo ngati wodwala anali pa mtundu wina, dokotala wa kwathu adzafunika nthawi yomusinthira pang'onopang'ono popanda kudukiza chithandizo.